Kuyeza B yekha si kuyeza matenda onse otupa chiwindi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zimene achita achipatala china kwa mchemwali wanga, yemwe ali ndi pakati pa miyezi 7. Anafika kumeneko maso atasanduka achikasu, mkodzo utada bii, akusanza ndipo chakudya chisakulowa. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Anamuyeza kachilombo ka hepatitis B, kamodzi mwa tizilombo toyambitsa matenda otupa chiwindi, sikanapezekenso. Pomwepo wachipatalayo analemba liwu limodzi lokha m'kaundula, loti chikasu, n'kumuuza kuti alibe matenda otupa chiwindi, choncho apite akapume kunyumba ndipo azimwa madzi ambiri.

Ndikufuna akuluakulu azaumoyo andiyankhe: kodi tizilombo tinato tinapita kutchuthi liti? Ngakhale wophunzira unamwino wa chaka choyamba amadziwa kuti tilipo tisanu, A, B, C, D ndi E, ndipo kuti odwala ambiri amene chiwindi chawatupa mwadzidzidzi amakhala atatenga A kapena E, tizilombo tofalikira m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati padziko lonse anthu pafupifupi 20 miliyoni amatenga kachilombo ka E chaka chilichonse, ndipo mu 2015 mokha kanapha anthu pafupifupi 44,000. Bungwe lomwelo limachenjeza kuti mwa amayi 100 amene atenga kachilomboka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, amayi 20 mpaka 25 akhoza kumwalira. Ku Windhoek, m'dziko la Namibia, mliri wa E unayamba mu 2017 m'madera osowa madzi abwino ndi zimbudzi, ndipo unatenga zaka zoposa zinayi usanathe. Ndiye mayi wapakati wa maso achikasu ndi wouzidwa kuti akamwe madzi ambiri, osafunsa n'komwe kuti madziwo amatunga kuti?

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale kuyeza kwa B komwe amanyadirako sikunena zonse. Kachipangizo koyeza HBsAg, chizindikiro cha kachilombo ka B, kamangosonyeza kuti kachilomboko kalipo m'magazi, koma sikanena ngati munthu wakatenga posachedwa kapena wakhala nako kuyambira ali khanda. Kuti zimenezi zidziwike pamafunika kuyeza IgM anti-HBc, chitetezo chimene thupi limapanga munthu akangotenga kumene B. Popanda kutero, munthu amene wakhala ndi B kwa zaka zambiri, koma lero wagonekedwa chifukwa cha A kapena E, amalembedwa kuti wadwala B, ndipo amene B sanapezeke amangoponyedwa m'gulu la chikasu limodzi ndi odwala ndulu, amalungo ndi amene mankhwala awaonongera chiwindi. Ziwerengero zoterezi ndi zimene zimakwera kupita kumaofesi, kumene madoda amakhala pansi n'kulengeza molimba mtima kuti kachilombo kakuti ndiye kofala pakati pa odwala m'zipatala. Anakawerenga bwanji kachilombo kamene sanakayeze? Mwina anzathuwa ali ndi maso oona mkati mwa magazi, ife sitidziwa.

Pa 28 July chaka chilichonse, pamwambo wa tsiku lokumbukira matenda otupa chiwindi padziko lonse, timamva zokamba zokoma za cholinga chothetsa matendawa pofika 2030, ndipo amatikumbutsa kuti mu 2022 padziko lonse anthu 254 miliyoni anali ndi B, 50 miliyoni anali ndi C, ndipo 1.3 miliyoni anamwalira. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunyoza katemera wa B kapena mankhwala ochiza C m'masabata 12. Koma malaya olembedwa mauthenga amapezeka okwanira aliyense wobwera kumwambo, pomwe ku labotale zoyezera A ndi E zimakhala nkhani yachilendo, ndipo wodwala akafunsa amayang'anidwa ngati wachita mwano.

Pempho langa ndi lachidule. Aliyense wofika ndi chikasu ayezedwe A, B, C ndi E asanatulutsidwe, amayi apakati akhale oyamba, ndipo ngati zipangizo palibe, magazi atumizidwe kumene zili. Kaundula akhale ndi malo olembapo chilembo cha kachilombo, ndipo ziwerengero za chipatala chilichonse zizitulutsidwa poyera miyezi itatu iliyonse.

Ine wokhumudwa,
Mlongo wa wodwala