Ukwati tizikonza ndi ndalama zomwe zili mmanja, osati za perekaniperekani

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya maukwati poti nyengo yake ndi ino, kuno ku Salima Loweruka lililonse magalimoto a maliboni akumangodutsana pa Kamuzu Road ena kulowera ku Senga Bay kokajambulitsa. Ine ndine mzimayi wa geni yaing'ono, koma kumpingo ndi kubanja komwe amakonda kundipatsa usungichuma mmakomiti a ukwati, nde zomwe ndikulembazi ndi zomwe ndimaziona mkope la ndalama, sizongomva ayi.

Ana athu ambiri akukonza ukwati ndi ndalama zomwe alibe. Pamsonkhano woyamba wa komiti bajeti imalembedwa bwinobwino, holo, tenti, mipando, dekoleshoni, keke, DJ, MC, wojambula, magalimoto, chakudya, kenako tikaphatikiza nkuona kuti zomwe mnyamata ndi mtsikana asunga sizikufika olo theka, wina amangoti musadandaule zotsalazo tidzabweza ndi za perekaniperekani. Mawu amenewo ndi amene akulowetsa mabanja atsopano mu ngongole asanagone nkomwe mnyumba mwawo, ndipo amene amawanena nthawi zambiri si akwatiwo, ndife akuluakulu a mkomiti.

Amene sanakhalepo pa tebulo la makashiya sangamvetse. Munthu akabwera ndi K5,000 yake, ija inayamba kugwira ntchito mu 2022 ija, saiponya yonse ayi, amayamba kaye wapita kwa kashiya kukaisintha kuti ikhale ma K50, ma K100 ndi ma K200 kuti avine nayo nthawi yaitali, akaitanidwa a kuchimuna aponyeko, akaitanidwa a mpingo aponyekonso, a kuntchito chimodzimodzi, ndipo ina amabwerera nayo kunyumba ya kabaza. Lichero limaoneka lodzadza mpaka anthu kumaimba nthungululu, koma tikakhala pansi madzulo kuwerenga, mulu wonse uja umatha msanga. Ndipo pa nthawi imeneyo panja pamakhala pataima kale a DJ, a MC, mwini tenti ndi wa galimoto, aliyense akudikira balansi yake. Ndaonapo akwati akutuluka mholo opanda olo ya sopo, mawa lake kuyamba kugulitsa mphatso zomwe analandira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wa ukwati anakwera kuyambira shuga, mafuta ophikira mpaka nsalu, koma dzanja la munthu woponya silinakwere nawo chifukwa nayenso zikumuvuta kunyumba kwake. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mapleji a pa gulupu ya WhatsApp nawonso ndi apachala, munthu amalemba kuti ine ndipereka zakuti anthu nkumuombera mmanja, tsiku likamayandikira foni yake siikupezeka. Ine mkope ndimalemba zokhazo zomwe zalowa pa Airtel Money kapena Mpamba kapena zomwe ndazigwira ndi manja.

Nde poti dipoziti amafuna tsiku lisanafike, mnyamata amathamangira kwa a katapila, kuja ukatenga K100,000 amati pakutha pa mwezi ubweze K150,000, mayi a mtsikana nawo amakatenga ku banki mkhonde, ena mpaka kupinyolitsa munda wa mpunga kapena kugulitsa mbuzi zonse za mkhola. Chimandiwawa kwambiri ndi cha minda chi, chifukwa phwando ndi la maola ochepa koma banja lonse limakhala chaka osalima pamalo pawo.

China chomwe chatilowerera ndi kuchuluka kwa zochitika. Kale kunali chinkhoswe kenako ukwati basi. Pano pali chinkhoswe cha mholo, bridal shower, ena send-off, kenako ukwati weniweniwo, ndipo chilichonse chili ndi nsalu yake, keke yake, MC wake ndi perekaniperekani wake. Koma anthu oitanidwa ndi omwewo omwewo, azakhali omwewo, amayi a chigwirizano omwewo, anzathu a mumsika omwewo. Pofika tsiku la ukwati matumba awo atopa kale. Chinkhoswe ndi mwambo wathu wabwino ndipo sindikunena kuti chithe, koma chinkhoswe ndi cha mabanja awiri kuti adziwane, ankhoswe aonekere poyera, apatsane tambala ndi msoti, mnyamata alandire nkhwangwa ndi chikwanje, mtsikana alandire lichero, mthiko ndi chipande. Zimenezi zimatheka pakhomo pa makolo a mtsikana pansi pa mtengo wa mango, ndi thobwa ndi nsima, popanda kulipira holo. Malangizo a pa bridal shower nawonso alangizi a mpingo ndi anamkungwi amapereka ulere mnyumba, ndipo amamveka bwino kusiyana ndi a pa maikolofoni.

Achinyamata ambiri sadziwanso kuti lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti komanso wa chikhalidwe wa ankhoswe, bola onse awiri akhale atakwana zaka 18. Palibe pomwe lamulo likunena za holo kapena keke ya masitepe asanu. Kumpingo nako chomwe amafuna ndi kulembetsa, maphunziro a banja, kulengeza masabata atatu ndi ankhoswe, zinazi timadzisenzetsa tokha. Anzathu achisilamu omwe tili nawo ambiri kuno ndimawaona ena akumanga ndowa, ukwati wachisilamu uja, kumzikiti, ashehe, mboni, mahari, kenako mpunga kunyumba, ndipo banja limakhala lolemekezeka bwinobwino.

Tsono kwa amene ndalama ndi zochepa koma akufunabe kaphwando, zomwe sizolakwika, choyamba ndi kusankha mwezi mwanzeru. Kuno anthu amakonda Okutobala, koma taganizani, Seputembala makolo angolipira kumene fizi ndi mayunifolomu, Okutobala ndi Novembala aliyense maso ali pa feteleza ndi mbewu, kutentha kwa ku Salima kuno nde mukukudziwa, zakumwa zimatha kawiri kuposa nthawi ina. Julayi ndi Ogasiti anthu akolola, mpunga wa ku Lifuwu uli mbwee pamsika ndipo mtengo umakhala usanakwere, chimanga chilipo, mtedza anthu agulitsa. Olo ukwati utakhala wa mtsogolo, mpunga gulani nthawi yokolola, wosapuntha, musunge, mudzapunthitse kumchini tsiku likayandikira. Amene ali ndi abale ku Nkhotakota cha ku Bua atha kuitanitsa konko. Ndipo tsiku likhale Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu a pantchito atalandira. Fufuzaninso kuti kumpingo kwanu kapena mmudzi mulibe ukwati wina tsiku lomwelo, chifukwa anthu amagawikana.

Chakudya ndi pomwe ndalama zambiri zimathera, komanso ndi pomwe abale angathandize mosavuta ngati tawapempha zinthu mmalo mwa ndalama. Malume a kumudzi ukawauza kuti apereke K50,000 amangoti tiona, koma ukawauza kuti mbuzi imodzi ikhale yanu amabwera nayo pa njinga. Azakhali nkhuku ziwiri, apongozi thumba la chimanga, achimwene nkhuni, amayi a mpingo mapoto akuluakulu ndi mbale, mawere a thobwa wina. Nkhuku za chizungu zimakula pa masabata sikisi okha, ndiye ngati pali wachibale wodziwa kuweta mugulireni anapiye ndi chakudya chake nthawi ilipo. Ophika asakhale a hayala, mmudzi uliwonse ndi mumpingo uliwonse muli azimayi odziwa kuphikira chigulu, ndi omwe aja amaphika pa maliro ndi pa misonkhano, ingowalemekezani ndi kuwathokoza ndi kachitenje. Chinthu chimodzi chomwe anthu obwera amaiwala, kuno timakhala osakanikirana Akhristu ndi Asilamu, nde mbuzi ndi nkhuku apatseni Asilamu azinge kuti aliyense adye momasuka, sizidya ndalama koma zimasunga ubale. Za chambo iwalani pokhapokha ngati kubanja kuli msodzi, nthawi ya mwera nsomba zimasowa mtengo nkukwera, ndipo palibe amene anadandaulapo kuti wadya mpunga wa nyama ya mbuzi ndi kabichi. Zakumwa za mmabotolo zikhale za patebulo la akwati ndi makolo, ena onse thobwa lozizira bwino ndi Sobo wosungunula mmabigiri.

Koma pa chakudya pomwepa ndichenjeze, osachepetsa mpunga kuti ndalama ipite ku dekoleshoni. Kwathu kuno ukwati sumaitanira ndi khadi lokha, mudzi wonse umabwera, ana omwe, ndipo munthu wochokera ku Khombedza kapena ku Chipoka amene walipira thiransipoti yake akabwerera ndi njala chimenecho ndi chimene adzakumbuke. Maluwa a pulasitiki ndi nsalu za pa mipando palibe amazikumbuka. Muikenso anthu awiri okhulupirika oyang'anira sitolo ya zakudya, chifukwa nyama ndi mafuta zimayenda mmazenera chakudya chisanapsye nkomwe, izi nde zimachitika pafupifupi paliponse.

Malo. Anthu a ku Lilongwe amabwera kudzachitira maukwati mmalojii a mmbali mwa nyanja ku Senga Bay, ife timaona zithunzi pa Facebook nkumafuna zomwezo, kuiwala kuti matumba ndi osiyana. Bwalo la tchalitchi, holo ya sukulu kapena pakhomo pomwe ndi zokwanira, mabenchi mubwereke kumpingo. Mukayamba mmawa nkumaliza dzuwa lisanalowe simufunikanso magetsi ambiri, kajenereta kakang'ono ka zoimbira basi. Ngati mtima uli pa zithunzi za kunyanja, nyanja ndi yathu yomwe, pitani anthu ochepa pa galimoto imodzi mukajambulitse nkubwerako, osati kukokera mdipiti wa magalimoto teni mafuta ake mmene akudulira komanso mmene amasowera nthawi zina.

Zovala ndinene mwachidule. Diresi la mkwatibwi ndi velo ndi zovala tsiku limodzi, bwerekani kapena chitani hayala. Suti mnyamata agule yoti azidzavalanso kutchalitchi, pa kaunjika zimapezeka zabwino telala nkungoikonza. Operekeza asachuluke, awiri awiri akwana, chifukwa mukatenga khumi ndi awiri ena amalephera kusoketsa ndipo mapeto ake akwati ndi amene amalipira, kuonjezera zodyera pa mapulakatisi a dansi mwezi wonse. Nsalu ya yunifolomu isakhale yokakamiza, pali amayi ena amalephera kubwera ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo chifukwa cha manyazi kuti alibe nsalu.

Ndikudziwa ena ati ukwati ndi kamodzi pa moyo, mwana wathu asaoneke wonyozeka. Ndimawamvetsa, inenso ndine kholo ndipo palibe amafuna kuti anthu azimunena. Koma anthu onenawo Lolemba amakhala ayamba kale nkhani zina, pomwe ana athu akuyamba banja ndi mwininyumba pakhomo kufuna lendi, mphasa pansi, ndi wa katapila akuimba foni. Mikangano yoyamba mbanja imayambira pamenepo, mwamuna kumati ndi iwe unkafuna holo, mkazi kumati ndi abale ako anadya ndalama za komiti, ndipo ankhoswe amayamba kuitanidwa mwezi usanathe. Ine ndimauza akwati kuti musanandipatse olo tambala ya ukwati, yambani mwapatula lendi ya miyezi itatu, matiresi, mapoto ndi thumba la chimanga, zotsalazo nde tikonzere phwando. Zikakwana mbuzi imodzi, ukwati ukhale wa mbuzi imodzi. Za perekaniperekani zikabwera zikhale mpamba wa banja, osati zobwezera ngongole.

Ankhoswe ndi makolo, udindo uwu ndi wanu. Mnyamata sangayankhe apongozi ake kuti sindikwanitsa, amaopa kuoneka wolephera, nde amangovomera zilizonse. Nkhoswe ndi amene ayenera kuimirira pamsonkhano woyamba nkunena kuti ndalama zilipo ndi izi, tikonze za mmenemu. Ndipo wa mkomiti aliyense amene wabweretsa ganizo lodula, kaya ndi keke yaikulu kaya ndi gulu la zoimba, afunsidwe pomwepo ngati alipire yekha.

Pomaliza ndipemphe abusa, ansembe ndi akulu a mipingo kuno ku Salima. Tili ndi mabanja ambiri omwe akhala limodzi zaka, ana mpaka kusukulu, koma sanadalitse ukwati wawo ndipo ena sadya nawo mgonero, chifukwa chongodikira kuti adzapeze ndalama za phwando. Mipingo ina imakonza tsiku limodzi lodalitsa maukwati ambiri pamodzi, kwaya imodzi, chakudya chosonkherana, aliyense nkutenga setifiketi yake. Chonde zimenezi zizichitika chaka chilichonse ikatha nyengo yokolola, ndipo muzilengeza msanga kuti anthu akonzekere, komanso achinyamata amene akungoyamba kumene muziwalola kulowa nawo ngati afuna.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima