Kwa mwana wanga, pa za ntchito ya ana ovuta

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumbako. Ife kuno tilipo, mwendo uja wayamba kulola, ndipo chimanga talowetsa m'nyumba.

Tsiku lija pa foni sindinakuyankhe bwino chifukwa amalume ako anali pakhonde pomwepo, ndipo maganizo awo ukuwadziwa: munthu sasiya ntchito ya malipiro n'kubwerera kusukulu chifukwa cha ana a eni ake. Funso lako ndagona nalo masiku anayi. Yankho langa ndi lakuti pita, kapitirize maphunziro a saikoloji, aja a maganizo ndi khalidwe la munthu, ukagwire ntchito ya ana aang'ono ovuta khalidwe monga mtima wako ukufunira. Koma ndikuuze chifukwa chake, popeza pali nkhani imene sindinakuuzepo.

Zaka zimene ndinkaphunzitsa Sitandade 1 ndinali ndi kamnyamata kena kosakhazikika pansi. Kankaluma anzake, kung'amba makope, ndipo tsiku lina kanaponya mwala pamutu pa kamtsikana. Ndinaitanitsa amake. Anabwera atabereka khanda kumbuyo, zidendene zong'aluka, ndipo sanadikire kuti ndimalize kufotokoza. Anati, "Aphunzitsi, mukwapuleni ndithu, ine ndatopa naye." Ndinamukwapuladi, pafupifupi tsiku lililonse. Pofika teremu yachiwiri anali atasiya kulira, ankangondiyang'ana m'maso, dzanja atatambasula. Ine ndinkaganiza kuti ndikumuwongola. Anasiyira sukulu mu Sitandade 3. Nkhope ya mwana uja imandibwererabe, koma imene imandipweteka kwambiri ndi ya amake, chifukwa anabwera kudzafuna thandizo ndipo ine ndinalibe china chowapatsa koma chikwapu.

Mapepala amene unasiya kuno pa Khirisimasi ndinawawerenga onse, pang'onopang'ono, ndi magalasi anga osweka aja. Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa zimene anapeza katswiri wa saikoloji Gerald Patterson ku Oregon, m'dziko la America, atakhala m'nyumba za anthu kuonerera mmene makolo ndi ana amachitirana. Mwana apempha chinthu, mayi akana. Mwana alira, mayi akalipa. Mwana akuwa koposa n'kudzigwetsa pansi, mayi atopa n'kumupatsa. Apo onse awiri aphunzira: mwana waphunzira kuti kukuwa kumagula chinthu, mayi waphunzira kuti kugonja kumagula mtendere. Mawa lake phokoso limayambira pamene linathera dzulo. Nditawerenga ndinaona mlongo wako ali ndi zaka zinayi, akugubuduka m'fumbi pakhomo pa golosale chifukwa cha masuwiti, ine ndikumasula mfundo ya chitenje kufuna ndalama kuti anthu asiye kutiyang'ana.

Mwa anthu onse a m'mapepalamo, amene ndikufuna uziwakumbukira ndi mayi Judy Hutchings a ku Wales, ku Britain. Anagwira ntchito ya saikoloji m'zipatala za boma kumpoto kwa dzikolo kuyambira m'ma 1970, akulandira ana amene makolo ndi aphunzitsi anawalephera. Kumeneko n'kumene anaona kuti mwana akamafika kwa iwo ali wamkulu kale, ntchito imakhala yolimba, monga amanenera akuluakulu athu kuti kuwongola mtengo mpoyamba.  Anatenga njira ya mayi Carolyn Webster-Stratton a ku Seattle, ku America, yotchedwa Incredible Years, imene makolo amakumana m'gulu sabata ndi sabata, kuonera zithunzi za kanema za makolo anzawo ndi ana, kukambirana, n'kukayeserera kunyumba. Kenaka anafunsa funso loyenera: kodi zimene zinathandiza ku America zingathandizenso m'mabanja osauka a ku Wales?

Anayesa ndi makolo 153 a ana a zaka zitatu ndi zinayi, ana amene anali atayamba kale kuvuta. Anawagawa mwa maere, ena kuyamba maphunziro a masabata 12 nthawi yomweyo, ena kudikira kaye, kuti pakhale poyerekeza. Zotsatira zinatuluka mu 2007 m'magazini ya madokotala ya BMJ, ndipo ana a makolo amene anaphunzira aja anasinthadi kuposa a odikira. Tawerengera wekha zaka kuchokera m'ma 1970 kufika 2007. Iwe umafuna zinthu zioneke msanga, unali choncho kuyambira uli wamng'ono, unkafukula mbewu kuti uone ngati yamera. Ntchito imene ukusankhayi siidzakulola zimenezo. Ndiponso udzafika tsiku limene manambala adzakuuza kuti njira imene unaikonda siikuthandiza. Tsiku limenelo udzalembe zoona, usadzakometse, chifukwa wolipira bodza lako adzakhala mwana wa munthu.

Chinanso chimene ndinachiona, chimene mwina iwe unachidumpha poona ngati chaching'ono: m'magulu amenewa ankakonzera makolo chakudya, mayendedwe ndi wowasungira ana nthawi ya maphunziro. Ndinati eya, awa ndi anthu odziwa moyo wa mayi wotopa. Mayi wa kamnyamata kaja sakanakhala pansi maola awiri kumvera uphungu, khanda likulira, kunyumba kulibe ndiwo.

Usaganize kuti izi n'zakutali nafe. Mayi Hutchings omwewo, a ku yunivesite ya Bangor, anagwirizana ndi anzawo a ku Oxford ndi Cape Town, pamodzi ndi mabungwe a WHO ndi UNICEF, kukonza maphunziro a makolo otsika mtengo otchedwa Parenting for Lifelong Health. Ku South Africa anawatcha Sinovuyo, mawu a Chixhosa otanthauza kuti tili ndi chimwemwe. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti amafanizira kulera mwana ndi kumanga nyumba yozungulira yofolera udzu. Zipupa ndi nthawi imene kholo limakhala ndi mwana kusewera naye, kumumvera, kumuyamikira akachita bwino. Denga ndi malamulo ndi chilango chopanda nkhanza. Sungafolere denga zipupa usanaimike. Ine m'kalasi muja ndinkakweza denga pamalo opanda chipupa n'chimodzi chomwe.

Tsono pamene udzayamba kulowa m'midzi ndi m'masukulu a mkombaphala, udzasamale kalowedwe kako. Udzamva anthu akuti mwanayu ndi wamwano, ndi wouma mutu, watengera bambo ake, kapena anamulodza. Usadzaseke, usadzawadule mawu ndi Chizungu. Mayi amene wakuuza kuti mwana wake analodzedwa wayenda kale mtunda wautali kufuna thandizo, ndipo ukamuchititsa manyazi sadzabweranso. Udzafunse kaye ngati mwanayo amamva bwino m'makutu, ngati wadya m'mawa, ngati amagwa khunyu, ngati anadwalapo malungo aakulu aja okomola, poti ofufuza a ku Blantyre anaonetsa kuti ena mwa ana opulumuka malungo otero amatsala ndi vuto la khalidwe. Ndipo kwathu kuno mwana saleredwa ndi anthu awiri okha. Ukaphunzitsa mayi yekha n'kusiya agogo, azakhali ndi amalume, zimene wamanga masana zidzagumulidwa madzulo. Agogo ukawaitana mwaulemu n'kuwapatsa mpando wakutsogolo, adzakhala oyamba kukuthandiza.

Za ife usade nkhawa. Penshoni yanga ndi yochepa koma tikudya, ndipo mlongo wako wayamba kudziimira payekha. Amalume ako ndiyankhula nawo ndekha. Koma mwamuna wako ukhale naye pansi, mugwirizane bwinobwino za ndalama ndi za zaka zimene maphunzirowa adzatenge, asadzamve ngati wangouzidwa zomaliza kale.

Ndikuuzenso kuti ndayamba kuyesa zimene ndinawerengazo pa mdzukulu wanga wa kwa mlongo wako, amene masiku ano akumenya nkhuku ndi anzake omwe. Madzulo aliwonse ndimayala mkeka, timakhala awiri mphindi zisanu, iye n'kumasankha sewero. Amakonda kupanga galimoto ndi zitsekero za mabotolo. Ine sindimulangiza kapena kumufunsa mafunso, ndimangonena zimene akuchita: "Waika tayala lachinayi, tsopano ukukankha." Masiku oyamba pakamwa pankandiyabwa kufuna kumukonza. Dzana anabwera yekha atanyamula mkekawo, ukukwekwereka pansi, dzuwa lisanapendeke n'komwe.

Ukabwera kumapeto kwa mwezi tidzatenge pepala lija la nyumba yozungulira. Ndikufuna tikhale pansi tiliike m'Chichewa, chifukwa amayi awiri a ku mkombaphala kuno andifunsa kale.

Ndine mayi ako.