Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo mawu amene andisowetsa tulo ndi aja munafunsa ngati Mulungu anawagwiritsa mwala bambo anu, amene anathera ukalamba wawo wonse pa ntchito yomanga tchalitchi cha kwathu, koma n'kutisiya makoma atangofika m'mawindo. Funso limeneli sindikulipeputsa, pakuti inenso ndinkawaona mkuluyo akupita pa uvuni m'mamawa ndodo ili m'manja, akugogoda njerwa imodziimodzi kuti amve ngati yapsa, ndipo sankakayika n'komwe kuti adzapemphera m'nyumbayo.

Ndikupempheni kuti muwerengenso Genesis 23 mofatsa. Mulungu analonjeza Abrahamu dziko lonse la Kanani, koma Sara atamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127, mwini lonjezoyo analibe ngakhale malo okumbapo manda, mpaka anachita kugula munda wa Makipela kwa Efroni Mhiti ndi masekeli 400 a siliva. Inu amene muli ku Joni mukudziwa bwino mmene anthu athu amasonkherana ndalama kuti thupi la mnzawo likagone kumudzi. Abrahamu nayenso anali ndi abale ku Harana, komabe sananyamule maliro kupita nawo kumeneko. Anaika mkazi wake m'dziko la eni, chifukwa mumtima mwake dzikolo linali kale kwawo kwa zidzukulu zake, ngakhale kuti iye mwini anamwalira akukhalabe m'mahema. N'chifukwa chake Ahebri 11:13 amati anthu otere anafa ali m'chikhulupiriro asanalandire malonjezo, atangowaonera patali.

Dziko limene mukukhalalo linatipatsanso munthu wotere. William Koyi, Mxhosa wophunzira pa sukulu ya mishoni ya Lovedale, anafika kuno mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia, ndipo popeza chilankhulo chake chinkamveka kwa Angoni, ndiye amene anatsegula njira ya kwa M'mbelwa. Anakhala ku Njuyu zaka zingapo mafumu akukaniza sukulu, ndipo chilolezo chinabwera mu 1886 iye ali gone pa mphasa, kudwala matenda amene anamutenga chaka chomwecho. Angoni oyamba anabatizidwa mu 1890, Koyi ali m'manda. Lero m'boma la Mzimba mipingo ili ponseponse, ndipo sindikhulupirira kuti alipo angayerekeze kunena kuti munthu ameneyu anavutika pachabe.

Komabe, achimwene, sindifuna kukutonthozani ndi mawu amene Mulungu sananene. Palibe pamene analonjeza kuti tchalitchi chathu chidzafoleredwa bambo ali moyo, ndipo ine sindingalumbire kuti chidzatha ife tikuona, poti malata ndi simenti zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Chimene analonjeza n'chakuti ntchito yogwirira Ambuye sipita pachabe, monga zilili pa 1 Akorinto 15:58, ndiponso kuti akufa mwa Khristu adzauka. Nthawi zambiri timasokoneza zofuna zathu, ngakhale zabwino, ndi lonjezo lake, ndipo zikachedwa timamuimba mlandu pa chinthu chimene sanatiuze. Bambo anu kusiyana kumeneku ankakudziwa. Matenda atawapanikiza, anaitanitsa kope lija ankalembamo zopereka, n'kulipereka kwa mlembi wa mpingo pamaso pa akulu, akumufotokozera amene analonjeza matabwa ndi amene anali asanamalize chopereka chawo. Munthu wotaya mtima sachita zotero.

Akulu a mpingo agwirizana zophimba makomawo mvula isanayambe kuti njerwa zisawonongeke, ndipo achinyamata adzipereka kuumba zina chilimwe chikubwerachi. Mayi akupezako bwino, ngakhale kuti madzulo amakhala chete nthawi yaitali, choncho muziwaimbira foni kawirikawiri. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu mwa Ambuye.