Injini ya 20B siyongotsitsa m'boneti n'kumanga mabawuti

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anyamata amene ayamba kuitanitsa magalimoto a Mazda RX-8 kuchokera ku Japan, komanso ndi amakanika anzanga amene magalimotowa amatipeza m'magalaja. Ndine makanika wa ku Biwi mu Lilongwe muno. Ndinakhala ku Joni zaka 11, ndipo zaka 7 mwa zimenezo ndinali pa galaja yomwe ntchito yake inali injini za rotary zokhazokha, mtundu wa injini umene uli mu RX-8.

Chandilembetsa ndi mwana wa mlongo wanga. Mwezi wathawu anatulukira pagalaja ndi RX-8 yofiira ya 2005, imene wagula ndi ndalama zomwe wakhala akusunga kwa zaka zitatu. Asanazimitse n'komwe injini anatulutsa foni n'kundionetsa vidiyo ya Mad Mike Whiddett wa ku New Zealand akupotokola RX-8 m'makona a Franschhoek Pass ku South Africa, utsi wa matayala uli tolotolo. "Malume, mmenemu muli 20B," anatero. "Inenso ndikufuna yomweyo. Paja inu munaikapo kale, ndiye sizivuta." Kuika ndinaikapodi. N'chifukwa chake ndinamukhazika pansi, ndipo zimene ndinamuuza ndikufuna anzakenso azimve.

Ambiri a ife ntchito tinaphunzirira pa injini za mapisitoni, choncho ndiyambe ndi m'kati mwa injiniyi. Mulibe pisitoni, mulibe mavavu, mulibe camshaft. Muli chitsulo cha nsonga zitatu chotchedwa rotor, chooneka ngati samusa yotupa m'mbali, chimene chimazungulira m'chipinda chooneka ngati mtedza wa njere ziwiri usanauswe. Mbali zitatu za chitsulochi zimagwira ntchito nthawi imodzi: ina ikukoka mpweya ndi petulo, ina ikupanikiza ndi kuyatsa, ina ikutulutsa utsi. Rotor ikazungulira kamodzi, shafiti ya pakati imakhala itazungulira katatu. Pa nsonga iliyonse pali kachitsulo kopyapyala ka mamilimita 2, apex seal, kamene kamakhula khoma la chipinda kuti mpweya usathawe. Ukakaika m'dzanja sungakhulupirire kuti moyo wa injini yonse uli pamenepo. Anayambitsa nzeruyi ndi Felix Wankel wa ku Germany, ndipo injini yake yoyamba inalira ku kampani ya NSU mu 1957. A Mazda anagula chilolezo mu 1961, natulutsa Cosmo Sport mu 1967. Makampani ena anayesa n'kuzisiya, iwo okha anakakamira.

Rotor imodzi ya banja limeneli ndi 654 cc. Ziwiri ndiye 13B, 1,308 cc, imene ili mu RX-8 ndi mu mkulu wake RX-7, galimoto inanso ya Mazda. Zitatu ndiye 20B, 1,962 cc. Zinayi ndi zimene zinali mu 787B, galimoto yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans mu 1991, woyendetsa mmodzi ali Johnny Herbert. Chithunzi chake, nambala 55 ili pambali, chinali pakhoma la galaja yathu ku Joni, ndipo aliyense wolowa ankayamba waima pamenepo. Mukaona manambalawa mutu umakuuzani kuti nkhani ndi yongowonjezera rotor imodzi, monga mmene mungawonjezere chipinda kuseri kwa nyumba. Mwana wa mlongo wangayo maganizo ake anali omwewo.

Chinthu choyamba, 20B sinapangidwire galimoto yothamanga yaing'ono. A Mazda anaiika m'galimoto imodzi yokha yogulitsa, Eunos Cosmo, galimoto yaikulu ya mabwana imene inatuluka mu 1990 n'kusiya kupangidwa pakati pa zaka za m'ma 1990. Inkagulitsidwa ku Japan, inali ya otomatiki yokhayokha, ndipo onse amene anapangidwa sanafike 10,000, ambiri mwa iwo ali ndi 13B. Ndiye kuti 20B iliyonse ya fakitale imene mungaipeze lero yakwanitsa zaka pafupifupi 30 kapena kuposa, ndipo akuilimbirana anthu a ku Australia, New Zealand, America ndi South Africa amene matumba awo ndi akuya kuposa athu. Papepala mphamvu yake ndi 280 PS, chimodzimodzi RX-7 yomaliza, chifukwa nthawi imeneyo makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamalembe nambala yoposa pamenepo. Kusiyana kuli pa kukoka: 20B imapereka 402 Nm pamene RX-8 ili cha m'ma 210. Ndiko kumene anthu amafera.

Imene ine ndinagwirako tinaika mu RX-7 ya 1993 ya kasitomala wina. Injini inabwera m'bokosi la matabwa kudzera ku Durban, yotsukidwa bwino, yonyezimira, wogulitsa atalumbira kuti ankayendera mpaka tsiku lomwe anaitsitsa. Bwana wanga sanalole kuti tiyike tisanatsegule. Titafika pa rotor ya pakati tinapeza apex seal imodzi itathyoka, chidutswa chake chitalemba mzere wakuya pakhoma la chipinda, woti chikhadabo chinkakodwamo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuphwasula kokhako kunatidyera masiku, chifukwa shafiti ya 20B ili m'zigawo ziwiri zolowana mothina ndipo imafuna chokokera chakechake. Pakati palinso chitsulo china chokhuthala chokhala ndi beringi, chimene pa 13B palibe. Chimenecho chikang'aluka, mwayamba ulendo wofunafuna dziko lonse lapansi. Chathu chinali chabwino, ndipo ndikukumbukira mmene bwana anapumira atachiyeza.

Itamangidwa, vuto linali malo. Ubwino wa RX-7, ndi RX-8 yomwe, ndi woti injini ndi yaifupi ndipo imakhala kumbuyo kwa mzere wa matayala akutsogolo, kulemera n'kugawanika mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. N'chifukwa chake imamvera chiwongolero ngati ikudziwa kale kumene mukufuna kupita. Rotor yowonjezerayo payokha ndi mamilimita 80, tisanawerengere chitsulo chokhuthala chija. Utali umenewu uyenera kupita kwinakwake. Mukaulola kupita kutsogolo, sampu, mphika wa oyilo wa pansi pa injini, imagunda steering rack, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo mukapotoza chiwongolero. Ena amangotsitsa rack ija kuti injini ikhale, koma akatero galimoto ikaponda bampu matayala amadzikhotera okha, woyendetsa asanagwedeze dzanja. Ndinayendapo m'galimoto yotero pa liwiro lalikulu, ndipo sindifuna mwana wa munthu aliyense adzakhalemo. Ife tinasankha kukankhira injini kumbuyo. Tinadula khoma lolekanitsa injini ndi anthu, tinaliwotcherera mwatsopano, tinafupikitsa propshaft ndi chitsulo chimene chimalumikiza giyabokosi ndi difu, ndodo ya magiya n'kusunthira kumbuyo mpaka tinapanganso malo ake m'kati. Milungu itatu ndinali chogona pansi pa galimoto imeneyo ndi tepi yoyezera ndi choko, kukweza injini, kutsitsa, kukwezanso, chifukwa cha kusiyana kochepa ngati kunenepa kwa chala.

Kenako kutentha. Utsi wa rotary ndi wamoto kuposa wa mapisitoni, ndipo rotor imaziziritsidwa ndi oyilo woyenda m'kati mwake. Tinaika rediyeta yaikulu ndi zoziziritsira oyilo ziwiri, n'kukulunga mawaya onse oyandikira ekizozi. Injini ya rotary ikawira kamodzi kokha, mphira zotseka madzi pakati pa zipinda zimatha kugonja, ndipo kuti muzifikire muyenera kuphwasula yonse. Ma turbo awiri a fakitale, ndi timapaipi tawo tambirimbiri tomwe tinali titauma ndi ukalamba, tinachotsa n'kuika turbo imodzi yaikulu. Kompyuta ya Cosmo inapangidwira otomatiki, ndiye tinaika ya Haltech ya ku Australia n'kuluka mawaya onse kuyambira pachiyambi. Rotor iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndiye mapulagi 6, makoyilo 6, pampu ya petulo yaikulu, mapaipi atsopano kuchokera ku thanki. Pomaliza galimoto inakwera pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini galimoto ili pamalo amodzi, kuti katswiri ayike muyeso wa petulo ndi nthawi ya moto. Apa m'pamene pamafera injini zambiri. Injini ya mapisitoni ikagogoda pang'ono, kutanthauza kuti moto waphulika molakwika m'kati, imakukhululukirani. Rotary ya turbo ikagogoda ili pa mphamvu, kachitsulo ka mamilimita 2 kaja kamathyoka nthawi yomweyo.

Ntchito yonse inatenga miyezi 14 ndipo ndalama zake zinaposa mtengo wa galimotoyo. Sindikubisirani, tsiku limene inalira koyamba sindidzaliiwala. Pa 13B moto umaphulika kawiri shafiti ikazungulira kamodzi, pa 20B katatu, ndipo kulira kwake kukakwera kumamveka ngati munthu akung'amba chitenje chatsopano osalekeza. Tonse tinasiya masipanala n'kuima chete. Ndimaikonda injini imeneyi ndi mtima wonse, ndipo amene angaganize kuti ndikuinyoza sanandimve. Koma patangotha miyezi iwiri galimoto inabwerera pa chokoka, mano a giya yachitatu atayoyokera mu oyilo. Titalimbitsa giyabokosi, kalachi inayamba kuterereka. Mphamvu imafunafuna chiwalo chofooka, ikachithyola imapita pa chotsatira, mpaka mutasintha galimoto yonse.

Zonsezi zinachitika ku Joni, kumene wosula zitsulo, wa dyno ndi wogulitsa masipeya onse anali pamtunda wa theka la ola. Tsono tiyeni tibwere kuno. RX-8 ndi yovuta kuposa RX-7 ija, chifukwa chiwongolero chake ndi chamagetsi, ndipo icho pamodzi ndi mawotchi a pa dashibodi zimamvera kompyuta ya injini. Mukangoichotsa osaganiza, chiwongolero chimauma. Kachitsulo kalikonse kayenera kuitanitsidwa kunja ndi madola amene tonse tikudziwa mmene akusowera. Pagalaja yanga dyno palibe, ndiye galimoto ingafunike kukwera lole kudutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kubwereranso. RX-7 ija m'tauni inkayenda makilomita osaposa 5 pa lita, ndipo amene anagonapo pamzere wa petulo akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Nambala ya injini ili mu blue book, choncho mukasintha muyenera kukalembetsa ku Road Traffic ndi kuuza a inshulansi, apo ayi tsiku la ngozi mudzakhala nokha. Ndipo chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi msewu womwewo. Pa vidiyo ija msewu anautseka, munalibe wina aliyense. M1 yathu ili ndi a kabaza, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, mbuzi ndi maenje. Mnyamata amene waika mphamvu yowirikiza pa mabuleki ndi matayala akale sakuika moyo wake wokha pachiswe.

Kwa amakanika anzanga ndili ndi dandaulo. RX-8 ikabwera yosalira, tisafulumire kunena kuti injini yafa n'kuyamba kuuza mwini wake kuti tiyikemo ya mapisitoni. Ndaona ziwiri zitatayidwa kuseri kwa magalaja mvula ikuzivumba, ndipo mtima unandipweteka. Kawirikawiri imakhala yangomwa petulo: munthu wailiza ili yozizira, wasuntha mamita ochepa, wazimitsa. Pondani mafuta mpaka pansi uku mukuliza sitata, kompyuta imadula petulo, zipinda n'kuuma. Onaninso makoyilo ndi mapulagi, chifukwa pa galimotoyi amatopa msanga. Oyilo akamatsika musadabwe, injiniyi ili ndi kapampu kothira oyilo m'zipinda mwadala kuti apex seal isakhule pouma, ndiye mwini wake aziyang'ana mulingo pafupipafupi. Ndipo poyeza compression, mphamvu imene injini imapanikizira mpweya, geji wamba imakusungirani nambala yaikulu yokha n'kubisa mbali yodwala. Rotor ili ndi nkhope zitatu, ndiye manambala akhale atatu pa rotor iliyonse.

Ndi zimene tinachita ndi galimoto ya mwana wa mlongo wanga tsiku lomwelo. Ndinamufunsa ngati imavuta kulira ikatentha, anavomera kuti pa filling station amayamba wadikira kaye. Tinaika choyezera chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Joni. Rotor ya kutsogolo inapereka 7.4, 7.3 ndi 7.4 bar. Ya kumbuyo 6.5, 6.4 ndi 6.1, pamene buku la Mazda limati isatsike pansi pa 6.8. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Ndiye titani, malume?"

Tagwirizana kuti ndalama zimene amasungira 20B zigule ma seal, mphira zamadzi, makoyilo anayi ndi mabuleki atsopano. Injini tiitsitsa Loweruka likubwerali, ndipo ndamuuza kuti abwere ndi ovolosi, chifukwa rotor ya kumbuyo adzaitulutsa ndi manja ake ndipo apex seal iliyonse adzaiyeza yekha ine ndili pambali. Mnyamata wina aliyense amene ali ndi RX-8 ndipo akufuna kuona m'kati mwake, afunse ku Biwi galaja imene ili ndi rotor yakale yopachikidwa pakhomo. Tiyamba 7 koloko m'mawa.

Ine wanu,
Makanika wa ku Biwi,
Lilongwe