Lipoti la Msonkhano wa Ziwiya za Pulasitiki

Amayi apampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa ogulitsa zakudya womwe unachitika m'tauni Lachinayi lapitali. Ambiri anali ochokera ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo popeza zokamba zinali m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndalemba lipotili m'chinenero chathu kuti ndi achikulire omwe amve bwino.

Anayamba ndi kutiuza kuti chiwiya chilichonse cha pulasitiki tizichitembenuza tisanachigule kuti tione zizindikiro za kunsi kwake. Chizindikiro cha kapu ndi foloko chimasonyeza kuti wopanga anachikonzera zakudya, pomwe nambala yozunguliridwa ndi mivi itatu imangonena mtundu wa pulasitikiyo. Ya nambala 5 ndiyo imapirira chakudya chotentha, pomwe ya nambala 1, yomwe amapangira mabotolo a zakumwa, imakwinyika ikathiridwa madzi owira. Ya nambala 3 ndi 6 tisaikemo zotentha kapena zamafuta, ndipo ina ya nambala 7 imakhala ndi mankhwala otchedwa BPA, omwe angawononge thanzi. Anatikumbutsanso kuti bungwe la boma loona za chilengedwe la EMA linaletsa kaylite, timabokosi toyera topepuka toikamo chakudya, m'chaka cha 2017, choncho wopakiramo chakudya akuphwanya lamulo.

Koma chomwe chinandikhudza kwambiri, ndipo ndikupempha kuti tichimvetsetse, ndi nkhani ya ndowa ndi zigubu. Ambirife timasungira thobwa ndi maheu m'ndowa zomwe poyamba munali penti, kapena timatungira madzi m'zigubu zogula kwa ogulitsa zakale, osadziwa chomwe chinali m'menemo. Ine ndinafunsa ngati kutsuka ndi sopo ndi madzi otentha sikokwanira, makamaka ngati kunsi kwa ndowa kwalembedwa nambala 2, yomwe imagwiritsidwanso ntchito pa zakudya. Yankho linali lakuti pulasitiki imamwa mankhwala omwe yasunga, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kulowa m'chakumwa chomwe chagonamo usiku wonse, ngakhale ndowa ikuoneka yoyera ndiponso fungo litatha. Zinandipweteka mtima, chifukwa ana a sukulu ndiwo amagula thobwa wanga kwambiri.

Chimodzimodzinso chizolowezi chovundikira nsima ndi jumbo kuti isazizire. Kutentha ndi mafuta ndizo zimachititsa kuti za m'pulasitiki zilowe m'chakudya, ndiye chivundikiro cha poto kapena mbale yachitsulo ndiyo njira yoyenera. Mbale za pulasitiki yolimba yotchedwa melamine zisalowe mu microwave, ndipo zokandika kwambiri kapena zong'aluka zitayidwe, chifukwa majeremusi amabisala m'ming'alumo.

Maganizo anga ndi akuti chizindikiro chokha sichikwanira, poti aliyense angathe kuchidinda. Ndikupempha kuti tisonkhe ndalama n'kugula ndowa zatsopano pamodzi kwa wogulitsa mmodzi amene angatipatse chikalata chosonyeza kuti ziwiyazo zinayesedwa, monga za bungwe la Standards Association of Zimbabwe, ndipo mlembi azisunga chikalatacho pamodzi ndi malisiti kuti tizikhala ndi chowaonetsa oyendera zaumoyo a khonsolo akabwera. Mtengo udzakhala wokwererapo kusiyana ndi wa ndowa zakale, koma pogula ambiri tingathe kunenerera.

Lamlungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi, aliyense abwere ndi ndowa ndi mbale zomwe amagwiritsa ntchito pa malonda kuti tidzazitembenuze limodzi, ndipo zanga ndizo zidzayambe kuonedwa.