Zikomo a MACRA, mwana wa achemwali anga wachoka m'chigafa

Kwa Mkulu wa bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA,
pamodzi ndi onse oyendetsa thumba lofikitsa mafoni ndi intaneti kumidzi la Universal Service Fund.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Mmalawi wa ku Kasungu, ndimakhala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ife a ku Joni tikakumana Lamlungu n'kutchula maofesi a kwathu, kawirikawiri kumakhala kung'ung'udza. Lero ndati ndilembe zosiyana, chifukwa pali ntchito imene inu ndi makampani a foni mwagwira, ndipo yafika pakhomo pa achemwali anga.

Achemwaliwo ali ndi mnyamata amene ine ndine malume ake. Pamene anali mu Sitandade 7, bambo ake anali atenanti pa esiteti ina ya fodya. Mukudziwa mmene utenanti unkayendera: mwini munda amalemba bambo, koma ntchito yake ndi yoti munthu mmodzi sangaithe, ndiye banja lonse limalowamo. Nyengo yothyola itafika, mnyamatayo anayamba kujomba Lolemba ndi Lachiwiri, kenaka anangosiyiratu. Mbandakucha ankalowa m'munda masamba adakali ndi mame, masana n'kukhala m'chigafa kusoka fodya ndi kupachika pa mikangala. Manja ake anada bii ndi utomoni wosachoka ndi sopo, ankachita kukhula ndi mchenga. Madzulo ankadandaula chizungulire ndi nseru, amayi ake n'kumati ndi malungo. Sanali malungo. Fodya wonyowa amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amaledzera naye asanasuteko ndudu ndi imodzi yomwe.

Si iye yekha. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 38 pa 100 aliwonse a zaka 5 mpaka 17 ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ambiri mwa iwo kuminda. Malamulo tili nawo. Dziko lathu linavomereza mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, oletsa mchitidwewu mu 1999, lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Mu 2019 dziko la America linafika poimitsa fodya wathu pamadoko ake chifukwa cha nkhani yomweyi. Koma lamulo limakhala m'mabuku ku Lilongwe, pamene chigafa chili kuseri kwa dambo kumene galimoto ya boma siifika nthawi ya dzinja. Pamafunika wina wonena, ndi njira yoti anenere.

Ananena ndi aphunzitsi ake, mayi wina wachikulire wa kafoni ka mabatani. Tsikulo analibe mayunitsi ndi a tambala omwe, poti mwezi unali pakati. Anaimba 116, nambala ya Tithandizane yothandiza ana imene a YONECO amayendetsa, ndipo foni inalowa. Apa ndiye pali kuthokoza kwanga koyamba. Nambala imeneyi ndi yaulere chifukwa boma, bungwe lanu loyang'anira manambala ndi makampani a foni munagwirizana kuti itero. Wina akhoza kuchiona chaching'ono. Koma mphunzitsi wa kumudzi akakhala ndi mayunitsi ochepa amasungira matenda ndi maliro, sangawathere pa mwana wa eni. Chinanso, kumudzi kuneneza munthu kumabala udani wa zaka. Mayiwo akanapita okha kwa amfumu, mawa lake akanakumana ndi apongozi a mwini esiteti pa mjigo. Pa foni anayankhula ali m'nyumba mwawo, chitseko chotseka.

Nkhani inafika ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma, ndipo wachitetezo cha ana anabwera pa njinga yamoto. Sanamange munthu. Anakhala pansi ndi amfumu, makolo ndi kapitawo wa pa esiteti. Atafunsa ngati pali wachibale wothandiza, achemwali anga, amene anandibisira zonsezi chifukwa cha manyazi, anatchula ine. Anandiflasha, ine n'kuimba.

Pano ndinene mosapsatira, Bwana, chifukwa m'misonkhano ya m'mahotela anthu amakonda kukokomeza. Intaneti payokha siichotsa mwana m'munda. Chimene chimamutumiza kumeneko ndi njala, ndipo chimene chimamubweza ndi nsima pakhomo. Mnyamatayo anabwerera kusukulu chifukwa ndinayamba kutumiza ndalama yolowa m'malo mwa ganyu wake. Koma ndalamayo imafika bwanji? Kale tinkapereka envulopu kwa madalaivala a mabasi ku depoti ya Park Station kuno ku Joni, n'kumadikira ndi mtima m'mwamba, ndipo wolandira ankayenera kupalasa njinga mpaka pa boma. Lero ndikatumiza pa Mukuru nditaweruka, imalowa mu foni ya achemwali dzuwa lisanalowe, iwo n'kukatapa kwa ejenti pa tiledingi senta. Ahedi a pasukulu ali ndi nambala yanga ya WhatsApp. Mwana akajomba, ine kuno ndimamva sabata yomweyo. Umalume wa pa mtunda wautali chonchi unali wa dzina lokha, tsopano ndi weniweni. Zonsezi zaima pa nsanja ya netiweki imene inamangidwa kudera kwathu.

Mnyamatayo anakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwira ku CDSS ya kufupi ndi kwathu. Sukuluyo ndi imodzi mwa zimene zinalandira chipinda cha makompyuta kudzera mu ntchito yanu ya Connect a School. Ananditumizira chithunzi ali pa mpando wapulasitiki, chala chimodzi chili pa kiyibodi, nkhope ili gwaa ngati woyendetsa ndege. Kalata yake yoyamba ya imelo inalibe mpumiro ndi umodzi womwe kuyambira moni mpaka dzina, koma ndinaiwerengera anzanga onse kuntchito. Pano amafufuza mafunso a mayeso akale a MANEB, ndipo anandiuza kuti anamvetsa kayendedwe ka magazi mu mtima ataonera kanema, poti buku la Biology m'kalasi mwawo amalimbirana. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine n'choti masana, nthawi imene anzake amaitanidwa ku ganyu, iye amakhala ndi chifukwa chotsalira pasukulu.

Nditafunsafunsa ndinamva mmene thumba lanu limagwirira ntchito, ndipo ndinaona kuti ndi nzeru. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 ndilo linalikhazikitsa, ndipo ndalama zake zimachokera pa zimene makampani a foni ndi ena a ziphaso zanu amapereka. Kampani ndi bizinesi. Singathamangire kumudzi kumene anthu amagula mayunitsi a ndalama zochepa kamodzi pa sabata, pamene ku Area 47 ndi ku Namiwawa kuli ogula mabandulo a mwezi. Thumbali limatenga kachigawo ka phindu la m'tauni n'kukaika kumene msika sukanafika wokha.

Makampaniwo nawonso ndiwathokoze kudzera mwa inu. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, TNM inagwirizana ndi Unduna wa Zamaphunziro kuti ophunzira a sekondale azitsegula maphunziro a pa intaneti osalipira. Mu 2021 Airtel Africa ndi UNICEF analengeza mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 57 miliyoni wolumikiza sukulu ku intaneti m'mayiko 13, ndipo Malawi anali momwemo. Komabe nthawi ya Covid ija inationetsa poyera kuti data yaulere imapindulira mwana amene kwawo kuli foni yamakono ndi magetsi otchajira. Wa ku esiteti zinamudutsa. N'chifukwa chake chipinda cha pasukulu ndimachiona cholemera kuposa bandulo: mwana salowa ndi foni ya makolo ake, amalowa ndi yunifolomu basi.

Kukhala kunja kumaphunzitsa kuyerekeza. Kuno ku South Africa anthu anachita phokoso la #DataMustFall lofuna kuti mitengo ya data itsike mu 2016, bungwe loona za mpikisano wa malonda linafufuza mitengo, ndipo mu 2020 Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99. Mu 2022 bungwe la ICASA, lomwe ndi anzanu a kuno, pogulitsa mafunde a netiweki linaika lamulo loti makampani opambana alumikize sukulu ndi zipatala za boma. Ana a anansi anga amapita ku laibulale ya mzinda kukagwiritsa ntchito Wi-Fi yaulere. Sindikunena kuti kuno zonse zili bwino, ayi, ku komboni ya Diepsloot mavuto ndi ankhaninkhani. Ndikungoti woyang'anira makampani akalimba, makampani amamva. Chaka chomwecho cha 2022 mayiko anasonkhana ku Durban kukambirana zothetsa ntchito za ana, ndipo ine nditamva pa wailesi ndinaganiza kuti zambiri za zimene ankalonjezazo zimafunika munthu ngati mphunzitsi uja, ali ndi foni yolowa.

Wothokoza amaloledwa kupemphako. Zipindazi muziziika ndi sola, chifukwa sukulu zambiri za kumudzi zilibe magetsi, ndipo kompyuta yozima ndi katundu wongosungitsa alonda. Kambiranani ndi Unduna kuti zizitsegulidwa masana ndi pa holide, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo pamene fodya amafuna manja ambiri. Muikenso diso pa atsikana. Mlongo wake wa mnyamatayu akaweruka amathamangira kumjigo ndi kunkhuni, ndipo ambiri a msinkhu wake amatengedwa kukalera ana a anthu m'tauni, kumene palibe mphunzitsi woona kuti asowa. Nthawi yawoyawo m'chipindamo ingathandize. Ndipo poti makampani amatha kutitumizira mauthenga a mipikisano tsiku ndi tsiku, apempheni kuti nyengo ya fodya azitumizanso wokumbutsa za 116, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao.

Kuno tili ndi kagulu ka Amalawi kothandizana pa maliro. Ena mwa ife amagwira ntchito m'maofesi ndi m'nyumba zimene mabwana amataya malaputopu oti akadagwirabe ntchito, ndipo tayamba kuwasonkhanitsa. Tikufuna apite ku sukulu za kumudzi mwa dongosolo, osati kuthera m'manja mwa achibale athu. Chonde tiuzeni ofesi yoyenera kulankhula nayo, komanso ngati katundu wopita kusukulu ngati ameneyu angalowe pa Mwanza kapena pa Dedza popanda msonkho.

Mundiperekere moni ndi kuthokoza kwanga kwa anyamata ndi atsikana amene anakamanga chipinda chija ndi kulumikiza mawaya.

Ine wanu,
Malume wa ku Kasungu,
Rosettenville, Johannesburg.