Matewera mwandigulitsawa si a nsungwi, ndibwezereni ndalama zanga

Kwa a manijala,

Mwaswera bwanji kumeneko. Ndaona kuti ndingolemba kalata chifukwa pa WhatsApp paja mameseji anga mumangowerenga osayankha, ndikaimba foni amayankha ndi mtsikana wina yemwe amangoti abwana atuluka tikuimbirani, mpaka lero kuli zii.

Ine ndili ku Mangochi kuno, ku Mpondasi. Mwezi watha ndinagula kwa inu seti ya matewera ochapa aja mumatsatsa pa Facebook, matewera 10 ndi zoikamo zake zomwa mkodzo, komanso kachidole kamtengo koti mwana aziluma akamamera mano. Zonse pamodzi K96,000, ndinatumiza pa Airtel Money, ya basi ndinalipiranso ndekha. Meseji ya ndalamayo ilipo sindinafufute.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndapsa mtima chonchi, ine matewera amenewa sindinagule chifukwa cha fashoni ayi. Mapampasi kudula kwake mukukudziwa nokha, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 muja zinthu za ana sizinatsikenso. Koma china chachikulu ndi kotaya. Kwathu kuno galimoto yotola zinyalala sifika, pampasi kuti umuwotche sapsa bwino chifukwa amakhala wonyowa, kumukwirira agalu amafukula usiku mmawa umapeza zili mbwee pakhomo pa aneba, ena amangoponya m'ngalande ndiye mvula ikabwera zonse zimatsikira mu Shire, madzi omwewo anthu akuchapamo, ana akusambamo, asodzi akugwiramo nsomba zoti tidye. Kolera ya 2022 ndi 2023 ija ife a ku Mangochi tinaiona ndi maso, maliro tinapita, ndiye nkhani ya chimbudzi cha mwana kutayidwa paliponse kwa ine si yoseweretsa. Nditaona positi yanu yoti matewera ndi a nsungwi zenizeni, mulibe pulasitiki, ndipo amasoka ndi amayi a konkuno ku Malawi omwe mumawalipira bwino, ndinati eya, izi ndiye zanga.

Katundu atafika, chinthu choyamba thewera lililonse linali m'kajumbo kakekake, tija topyapyala timang'ambika ukangotigwira. Inu anthu osamala chilengedwe eti? Majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 boma linaletsa kale mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, nanga inuyo mukuwatenga kuti? Koma izo ndinangoti basi zipite.

Zomwe sindingazisiye ndi za zoikamo zija. Zambiri munthu wina anadula kalebulo kake ndi sizasi, zikuchita kuoneka podulapo, koma ziwiri anaziphonya. Palembedwa 80% polyester 20% polyamide, m'munsi mwake Made in China. Nsungwi yake ili pati pamenepo? Ndinatenga chimodzi kupita nacho kwa atelala ena pamsika wa paboma, munthu wamkulu woti nsalu amazidziwa, anangosolola kaulusi nkukayatsa ndi machesi. Kaulusiko kanasungunuka nkupanga kampira kakuda kolimba, fungo lake la jumbo yopserera lenileni. Anandiuza kuti ikanakhala ya thonje kapena ya nsungwi ikanapsa nkusanduka phulusa lofewa. Yesani nokha ku ofesi kwanuko, machesi ndi otchipa.

Ndipo musandione ngati sindidziwa kanthu, ndikudziwa kuti chakunja cha thewera lochapa chimakhala ndi kapulasitiki kopyapyala koti mkodzo usadutse, zimenezo mukanangonena poyera ine sindikanadandaula, thewera lochapa ngakhale likhale ndi pulasitiki likuposabe kutaya pampasi tsiku ndi tsiku. Vuto ndi bodzalo. Munandilipiritsa mtengo wa nsungwi nkundipatsa poliyesita, ndipo papepala la malangizo munalemba kuti choikamocho chizikhudza thupi la mwana mwachindunji. Kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala inu mukukudziwa? Mwana wanga matako onse anafiira psuu, m'mphechepeche kusupuka, usiku osagona kulira kokhakokha. Kusikelo anesi atangoona anandifunsa kuti mukumuveka chani mwanayu, nditawaonetsa anati nsalu ya mtundu umenewu imayamwa kwambiri mpaka kuumitsa khungu, siyiyenera kugunda thupi la khanda popanda kansalu kena pakati. Ndinagulanso mankhwala opaka, ndalama inanso imeneyo.

Kuchapa ndimachapa momwe munanenera, madzi ozizira, sopo wamba, jiki ayi, kuyanika pamthunzi. Koma anayi mwa matewerawo kapulasitiki kamkati kayamba kale kusendeka, akudontha. Tsiku lina ndili mu minibasi kupita ku Monkey Bay ku chinkhoswe mwana ali pamwendo, chitenje changa chonse chinanyowa mpaka mayi amene ndinakhala nawo pafupi anachita kusuntha, manyazi ake inu. Mabatani nawonso akuthothoka, limodzi ndinachita kulichotsa mkamwa mwa mwana ndi chala. Likanamutsamwa bwenzi pano tikukamba zina.

Kachidole kaja ndiye ndinakabisa pamwamba pa kabati. Munati penti wake ndi wachilengedwe, koma mwana atangokaluma pang'ono milomo yonse inafiira, pentiyo akuchoka ndi malovu okha. Ndikufuna mundiuze ndi penti wanji ameneyu ndipo munamugula kuti, chifukwa penti wina amakhala ndi mtovu ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana, si zoti munthu nkumangoyerekeza.

Nanga amayi aja mumati amasoka, ali kuti? Zithunzi zawo zili pa peji yanu akumwetulira pamakina, koma katundu akuchokera ku China. Ngati alipodi ndiye akusoka chani? Ine zimandiwawa chifukwa thonje timalima konkuno, ku Balaka, ku Salima, ku Chikwawa, matelala ali mbwee m'makhonde mwa mashopu paboma pano akusowa ntchito, mukanafuna kupanga zoona sizikanakuvutani. Kugula katundu kunja si mlandu, aliyense akuoda, koma osamagwiritsa ntchito nkhope za amayi osauka kuti ife tikumvereni chisoni nkutulutsa ndalama.

Anganga ake a mwanayu pano akungondiseka, akuti ife tinakulerani ndi thewera la thawulo ndi phini simunatupe matako, ndipo ndabwereradi komweko, mathawulo oyera aja ogula pamsika, mwana wachira. Choipa nchoti ndinali nditauza kale amayi anzanga a ku banki mkhonde za inu, awiri anaoda, pano akundiyang'ana ine ngati ndinadya nawo ndalamazo.

Ndiye chomwe ndikufuna ndi ichi, mundibwezere K96,000 yanga yonse pa nambala yomwe ndinatumizira ija. Zoti tikusinthirani ena ayi, sindikuwafunanso. Katundu wanu ndamulongedza ali mu katoni, tumani munthu adzatenge kapena tumizani ya basi ndikukwezereni, ine sindiononganso kobiri pa zimenezi. Mawu oti nsungwi ndi oti osokedwa ku Malawi aja muwachotse pa peji yanu, ndipo amene anagula kachidole kaja muwaimbire asiye kupatsa ana mpaka mutadziwa za pentiyo.

Ukatha mwezi uno ndisanaone ndalama, ndikatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, ndi ku CAMA, bungwe loteteza ogula, kachidoleko ndikapereka ku Malawi Bureau of Standards akakayeze okha. Zithunzi za malebulo, za mwana mmene anatupira, ndi sikirinishoti ya positi yanu ija ndasunga zonse, ngakhale muifufute.

Ndine kasitomala wanu,
Mayi wa ku Mpondasi, Mangochi